Wojambulayo adaima pati?

Chithunzi choyamba cha dziko lathu lapansi chimene ndidachiona ndi maso angawa chidali pa kalendala imene malume adabwera nayo kuchokera ku Joni. Masiku ake adali atatha kalekale, koma mukudziwa inunso kuti kumudzi kalendala sitayidwa chifukwa choti chaka chatha. Agogo adaimata ndi phala pakhoma, ndipo idakhala pamenepo mpaka utsi udaifiiritsa. Pa kalendalapo padali chimpira chabuluu, chokutidwa ndi mitambo yoyera, chitangolenjekeka mumdima wa ndiweyani.

Tsiku lina ndili Sitandade 5 ndidafuna kuonetsa kuti kusukulu sindipita kukasewera. Ndidaloza chala chakumunsi kwa Africa n'kunena kuti, "Agogo, ichitu ndi dziko. Ifeyo tili apa." Iwo adayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenaka adati, "Chabwino mdzukulu wanga, ndamva. Koma ngati tonse tili m'menemo, nanga wojambulayo adaima pati?"

Kukamwa kudangoti gwa. Agogo adaseka, nabwerera kumphika kwao. Iwo adatisiya ndisadawayankhe, ndipo funso laolo landisowetsa mtendere kufikira lero. Nchifukwa chake ndati nditsate mbiri ya zithunzi za kumwamba kuchokera pomwe idayambira, kuti mwina inu awerengi mundimvere m'malo mwao.

Poyamba penipeni wojambula adaima pansi pompano, maso ali kumwamba, monga momwe makolo athu ankachitira poyang'ana Nsangwe, Nthanda ndi Akamwiniatsatana. Luso lojambula zithunzi lidalengezedwa ku France m'chaka cha 1839, ndipo chaka chotsatira, mu 1840, mphunzitsi wina wa ku New York dzina lake John William Draper adalozetsa kamera yake ku mwezi kwa mphindi pafupifupi 20. Chidatuluka ndi kachithunzi kosaoneka bwino, koma kadali koyamba kooneka kuti uwu ndi mwezi. Mu 1850 akatswiri a ku Harvard adajambula nyenyezi yotchedwa Vega, ndipo mu 1880 mwana wa Draper uja, Henry, adajambula mtambo wowala umene uli pafupi ndi Akamwiniatsatana, atadikira mphindi 51.

Kudikirako ndiye chinsinsi cha nkhani yonseyi. Diso la munthu limaona n'kuiwala nthawi yomweyo, ngakhale utayang'ana usiku wonse suonjezerapo nyenyezi ina. Koma galasi lopakidwa mankhwala limasonkhanitsa kuwala pang'onopang'ono, monga mtsuko woikidwa pansi pa denga lodontha. Ukalisiya ola limodzi limaona zimene diso silingaone, ukalisiya usiku wonse limaonanso zoposa pamenepo. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo akatswiri a nyenyezi adaphunzira mwambi umenewu osaudziwa.

Munthu amene adaonetsa dziko phindu la kudekhaku ankagwira ntchito kuno kumwera kwa Africa. M'chaka cha 1882 kudaoneka nyenyezi ya mchira yowala zedi, moti anthu ankaiona ngakhale masana. David Gill, yemwe adali mkulu wa malo oonera nyenyezi ku Cape Town, adabwereka kamera kwa munthu wojambula anthu m'tauni, naimangirira pa makina ake oonera zakutali, aja timati telesikopu. Iye ankafuna nyenyezi ya mchirayo, ndipo adaipezadi. Koma chomwe chidamudabwitsa ndi nyenyezi zina zosawerengeka zimene zidatuluka kumbuyo kwake, chilichonse pamalo pake. Gill adazindikira kuti m'malo moyeza nyenyezi imodziimodzi ndi diso mpaka ukalamba, ungathe kujambula thambo lonse n'kumawerenga masana uli pampando. Magalasi ake ankawatumiza ku Groningen m'dziko la Netherlands, kumene Jacobus Kapteyn adatha zaka zoposa 10 akuwayeza. Pakati pa 1896 ndi 1900 adasindikiza ndandanda wa nyenyezi zoposa 450,000 za thambo la kumwera, lomweli limene limatifunda ife usiku uliwonse.

Tsono magalasi akachuluka pamafunika owerenga. Ku Harvard ntchito yotopetsayi adaipereka kwa amayi, poti malipiro ao adali ochepa. Mmodzi mwa iwo adali Henrietta Leavitt, mayi wa vuto la kumva, yemwe ankapenda magalasi ojambulidwa ku Arequipa m'dziko la Peru. Inu amene mumakhala kutali ndi magetsi, tayang'anani chakumwera usiku wopanda mwezi m'nyengo ya Okutobala kapena Novembala: mudzaona timitambo tiwiri toyera tosasuntha ndi mphepo. Si mitambo ya mvula ayi, ndi magulu a nyenyezi amene Azungu adawatcha dzina la Magellan. M'kamtambo kakang'onoko Leavitt adapeza nyenyezi zimene zimawala n'kuzilala, kuwala n'kuzilala, mosaphonya nthawi. Mu 1912 adaonetsa kuti nyenyezi ya mtunduwu ikamatenga masiku ambiri kuti ibwerenso pa kuwala kwake, ndiye kuti mphamvu yake yeniyeni ndi yaikulu. Ukadziwa mphamvu yeniyeni ya nyali, n'kuona m'mene ikuonekera kwa iwe, ungathe kuwerengera kutalika kwa pamene ili. Mayiyu adapatsa dziko chingwe choyezera thambo, ndipo adamwalira mu 1921 asanaone chomwe chingwecho chidzayeze.

Adachigwiritsa ntchito ndi Edwin Hubble. Nthawi imeneyo akatswiri ankakangana ngati mlalang'amba wathu, mzera woyera uja umadutsa pakati pa thambo m'miyezi yozizira, ndiye chilengedwe chonse, kapena ngati kunja kwake kulinso zina. Usiku wina mu Okutobala 1923, ali pa phiri la Mount Wilson ku California, Hubble adajambula kamtambo ka Andromeda. Pa galasilo adapezapo nyenyezi ya mtundu wa Leavitt, ndipo ndi chimwemwe adalemba chizindikiro ndi inki yofiira pakona pa galasilo. Atawerengera adapeza kuti Andromeda ili kutali kwambiri moti singakhale mkati mwa mlalang'amba wathu. Ndi mlalang'amba wina paokha. Lero tikudziwa kuti kuwala, kumene kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, kumatenga zaka pafupifupi 2.5 miliyoni kuchoka ku Andromeda kudzafika kuno. Galasi limodzi lokwana m'manja lidasandutsa chilengedwe chonse cha makolo athu kukhala mudzi umodzi pakati pa midzi yambirimbiri.

Ndisaiwale kadamsana. Pa 29 Meyi 1919, Arthur Eddington adali pa chilumba cha Príncipe, kufupi ndi gombe la kumadzulo kwa Africa, pamene anzake ena adali ku Sobral m'dziko la Brazil. Mwezi utaphimba dzuwa adajambula nyenyezi zoyandikana nalo, ndipo zithunzizo zidaonetsa kuti nyenyezizo zasuntha pang'ono kuchoka pa malo ake a nthawi zonse. Albert Einstein adali atanena kale kuti chinthu cholemera ngati dzuwa chimakhotetsa njira ya kuwala, ndipo umboni wake udali umenewu. Ine kadamsana ndidamuona pa 21 Juni 2001, uja adadetsa Lusaka yense masanasana. Kwathu sadaphimbe dzuwa lonse, komabe kudachita chimdima chachilendo, nkhuku n'kumayandikira khola, agogo n'kutiletsa kuyang'ana kumwamba. Pa chimenechi adali olondola kuposa ife ana a sukulu.

Kufikira apa, agogo, wojambula uja adakali pansi. Adanyamuka liti?

Mbiri yake siyokoma kwenikweni. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Germany idapanga maroketi otchedwa V-2 oti aziphulitsira London ndi Antwerp. Ankawapanga akaidi ogwira ukapolo m'mapanga a pansi pa phiri, ndipo amene adafa powapanga adachuluka kuposa amene adaphedwa nawo. Nkhondo itatha, America idatenga maroketi otsala pamodzi ndi ena mwa akatswiri ake. Pa 24 Okutobala 1946, ku chipululu cha White Sands m'chigawo cha New Mexico, adamangirira kamera pa roketi imodzi n'kuiponya m'mwamba makilomita pafupifupi 105. Roketiyo idagwa n'kuphwanyika, kamera idatheratu, koma filimu idapulumuka poti idali m'kachitini kachitsulo. Pamenepo ndi pamene anthu adaona koyamba dziko lao kuchokera kunja kwake: mbali yokhota, mitambo ili pansi, pamwamba pali bii. Chida chophera anthu ndicho chidatijambula koyamba. Zoterezi tisamazibise pofotokozera ana.

Kenaka udayamba mpikisano wa America ndi Soviet Union. A Soviet adatsogola ndi Sputnik pa 4 Okutobala 1957, ndipo patatha zaka ziwiri adachita chinthu chimene ine ndimachiyesa chodabwitsa kuposa. Paja mwezi umationetsa nkhope imodzi yokha, chifukwa nthawi imene umatenga kuzungulira paokha ndi yofanana ndi imene umatenga kuzungulira dziko. Chiyambire kulengedwa kwa munthu palibe adaonapo msana wake. Pa 7 Okutobala 1959 chombo chotchedwa Luna 3 chidazungulira kuseri, chidajambula, chidatsuka filimu chokha m'mimba mwake, n'kutumiza zithunzizo pa mafunde a wailesi. Zidafika zothimbirira ngati nsalu yochapidwa m'chithaphwi, komabe zidaonetsa kuti kuseriko n'kosiyana ndi kuno: mabala akuda aja timati ndi mayi wobereka mwana, kumeneko ndi ochepa kwambiri, kwangodzaza maenje.

Tsiku limene munthu weniweni adaima patali n'kutembenuka lidali la 24 Disembala 1968. Amuna atatu, Frank Borman, Jim Lovell ndi William Anders, adali m'chombo cha Apollo 8 akuzungulira mwezi. Ntchito yao idali kujambula nthaka ya mwezi pofuna malo oti ena adzatere. Ali pa ulendo wachinayi wozungulira, adangoona dziko likutuluka kuseri kwa mwezi monga limatulukira dzuwa kuseri kwa phiri. Anders adapempha msanga filimu ya mitundu, najambula. Chaka chimenecho chidali chamagazi: nkhondo ya ku Vietnam idali itafika poipa, Martin Luther King adali ataphedwa mu Epulo, ku Biafra ana ankafa ndi njala. Ndiye anthu adatsegula nyuzi n'kuona kanthu kakang'ono kabuluu pamwamba pa chipululu chotuwa cha mwezi, popanda mzere wa malire ngakhale umodzi. Ambiri amati chithunzi chimenechi chidathandiza kudzutsa mtima wosamala chilengedwe, ndipo tsiku loyamba lokumbukira dziko lapansi lidachitika pa 22 Epulo 1970.

Tsopano ndafika pa kalendala ya agogo. Chithunzi chija chidajambulidwa pa 7 Disembala 1972 ndi amuna a m'chombo cha Apollo 17, Eugene Cernan, Ronald Evans ndi Harrison Schmitt, pa ulendo womaliza wa zombo za Apollo wopita ku mwezi. Adali atangochoka maola ochepa, ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 29,000. Dzuwa lidali kumbuyo kwao, nchifukwa chake dziko lidaoneka lathunthu, lopanda mthunzi. Ndipo mbali imene idayang'anana nawo idali yathu: chipululu cha Sahara, Arabia, Madagascar, madzi oundana a ku Antarctica, ndi mitambo ya dzinja itaunjikana kumwera kwa Africa. Pa zithunzi zonse zimene anthu adajambulapo, ichi ndi chimodzi mwa zosindikizidwa kwambiri, ndipo pakati pake pali Africa.

Pali kanthu kena kamene ndidakadziwa ndili wamkulu kale. Momwe wojambulayo adagwirira kamera, kumwera kudali pamwamba, Antarctica ali kumutu, Africa atazondoka. Asadachitulutse kwa anthu adachitembenuza kuti chifanane ndi mapu a m'kalasi. Kunja kuja kulibe kumwamba kapena kunsi, eti. Amene amajambula mapu ndiye amasankha woti akhale pamwamba. Ndikadadziwa zimenezi ndili Sitandade 5 ndikadaizondotsa kalendala ija kuti ndione nkhope ya agogo.

Tisaiwale kuti zonsezi zinkachitika ife kuno tilibe wailesi ya kanema, yomwe idadzayamba mu 1999. Pamene Neil Armstrong ankaponda pa mwezi mu Julayi 1969, anthu mamiliyoni mazanamazana akuonera, makolo athu adangomva ndi makutu, ndipo ambiri adati ndi bodza la Azungu. Sindiwadzudzula. Munthu wouzidwa chinthu chachikulu chotere popanda chooneka ali ndi ufulu wofunsa mafunso. Zithunzi za kumwamba zinkatifika mochedwa ndi mwangozi, pa kalendala, pa chikuto cha buku la jogalafe logawana ana asanu, kapena pa pepala la magazini lokulungira usipa.

Komabe m'nkhaniyi tilimo, ndipo tilimo ndi mawu athu. Pa 5 Seputembala 1977 America idatumiza chombo chopanda munthu chotchedwa Voyager 1 kukajambula Jupiter ndi Saturn. Pambali pake adamangirirapo mbale yokutidwa ndi golide, yonga zija zinkaimbidwa pa galamafoni, ndipo m'mbalemo adaikamo moni m'zilankhulo 55 kuti mwina wina kutali uko adzaitola. Chimodzi mwa zilankhulozo ndi Chinyanja. Kalankhulidwe kake n'ka ku Zambia, ndipo wolankhulayo akungofunsa anthu a kumwambako kuti ali bwanji, monga achitira munthu aliyense woleredwa bwino akafika pakhomo pa eni. Mu 2012 chombocho chidatuluka m'dera lolamulidwa ndi mphepo ya dzuwa, ndipo chapitirira makilomita 24 biliyoni. Palibe chinthu chopangidwa ndi manja a munthu chimene chidapita kutali kuposa chimenechi, ndipo chanyamula moni wathu.

Chombo chomwechi ndicho chidatijambula kuchokera kutali kwambiri m'zaka zimenezo. Katswiri wina, Carl Sagan, adaumirira kwa zaka kuti makamera ake asanazimitsidwe atembenuzidwe ayang'ane kumudzi. Ena ankati n'kutaya nthawi poti sipatuluka sayansi iliyonse. Pomaliza adalola, ndipo pa 14 Febuluwale 1990, patangotha masiku atatu Nelson Mandela atatuluka m'ndende, Voyager 1 idajambula dziko ili pa mtunda wa makilomita 6 biliyoni. Ukachiona chithunzicho umayamba wafunsa kuti dzikolo lili pati. Ndi kadontho kotuwa, kochepa kuposa kanjere ka mawere, kali pakati pa mzera wa kuwala kwa dzuwa. Ine ndidabadwa chaka chomwecho. Mayi anga ali ndi pathupi adali m'kadonthomo, pamodzi ndi Mandela, amene adam'manga, ndi andende a ku Mikuyu amene nthawi yao yotuluka idali isanakwane.

Chaka chomwecho, pa 24 Epulo, adatumiza m'mlengalenga telesikopu yotchedwa dzina la Hubble, kuti ikaone nyenyezi popanda kusokonezedwa ndi mpweya wa dziko. Zithunzi zoyamba zitafika, akatswiri adagwira njakata: zidali zachimbuuzi. Galasi lake lalikulu, la mamita 2.4, lidasulidwa molakwika pang'ono chabe, mocheperatu kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi, koma kulakwa kumeneko kudakwanira kuchititsa manyazi ntchito ya ndalama zankhaninkhani. Nyuzi zidaseka. Mu Disembala 1993 anthu adapita komweko kukaiveka magalasi owongolera, monga achitira ndi munthu wa vuto la maso, ndipo idayamba kuona.

Mu Disembala 1995 mkulu woyang'anira kafukufuku wa telesikopuyi, Robert Williams, adachita chinthu chimene anzake ena adachiyesa kuononga. Adailozetsa pa kachigawo ka thambo kooneka kopanda kanthu, kochepa ngati mpira wa tenesi ukauika pa mtunda wa mamita 100, n'kuisiya pamenepo masiku 10. Ataphatikiza zithunzi 342, m'kamdima kaja mudatuluka milalang'amba pafupifupi 3,000, uliwonse uli ndi nyenyezi zake mamiliyoni kapena mabiliyoni. Ndipo poti kuwala kumatenga nthawi pa ulendo, ina mwa milalang'ambayo tidaiona momwe idalili zaka zoposa 10 biliyoni zapitazo, dziko lathu lisanakhaleko n'komwe. Kujambula zakutali ndi kujambula zakale. Ngakhale dzuwa limene mukuliona panopa ndi la mphindi 8 zapitazo.

Za masiku athu ano mwina mudaziona pa foni. Pa 10 Epulo 2019 akatswiri adaonetsa chithunzi choyamba cha dzenje lakuda, malo amene mphamvu yokoka ndi yaikulu moti ngakhale kuwala sikuthawako. Lili pakati pa mlalang'amba wa M87, ndipo kulemera kwake n'kofanana ndi madzuwa 6.5 biliyoni. Palibe telesikopu imodzi ikadatha kuliona, choncho adalumikiza zisanu ndi zitatu za m'maiko osiyanasiyana kuti zigwire ntchito ngati diso limodzi lalikulu ngati dziko. Mutu umodzi susenza denga. Kenaka pa Khirisimasi ya 2021 idanyamuka telesikopu ya James Webb, ya galasi la mamita 6.5, imene idakakhala makilomita 1.5 miliyoni kuchokera kuno, ndipo zithunzi zake zoyamba zidatuluka mu Julayi 2022.

Apa ndikuchenjezeni pang'ono. Mitundu yokongola imene mumaiona pa zithunzi za James Webb si imene diso lanu likadaona mukadapita komweko. Makinawo amaona kuwala kumene diso la munthu silikuona, ndipo akatswiri amakupatsa mitundu kuti ife tithe kusiyanitsa fumbi, mpweya ndi nyenyezi. Si bodza ayi, ndi kumasulira, monga womasulira m'khoti amene amasandutsa mawu a mlendo kuti amveke kwa eni mudzi. Ndipo pamwamba pa zithunzi zonsezi, akatswiri omwewo amavomera kuti nyenyezi, mapulaneti, fumbi ndi ife tomwe, tikaphatikizidwa, tikungokwana magawo pafupifupi 5 pa 100 a zonse zili m'chilengedwe. Zotsalazo amaziona ndi ntchito zake zokha, momwe zimakokera milalang'amba ndi kufutukula thambo, koma palibe kamera idazijambulapo. Patatha zaka zoposa 180 tikujambula, zambiri zidakali kuseri.

Ndikudziwa kuti wina wafika pano akung'ung'udza. Mnzanga wina wa ku Ndirande, nditamuwerengera zolemba zangazi, adati, "Achimwene, zonsezi n'zabwino, koma tidya nyenyezi? Thumba la chimanga likukwera, inu muli kalikiliki ndi Andromeda." Funso lake ndi lolemera ngati la agogo, ndipo sindilithawa.

Kamera yomwe imayang'ana kunja ndi yomwenso imayang'ana kuno. Setilaiti yoyamba yojambula mitambo ya nyengo, TIROS-1, idanyamuka pa 1 Epulo 1960, ndipo chiyambire pamenepo namondwe sabweranso mobisala. Kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, makamera a m'mwamba adaona kamphepo kakuzungulira kufupi ndi Australia. Adakatsata tsiku ndi tsiku kakuoloka nyanja yonse ya Indian, kakukula, kakupatsidwa dzina loti Freddy. Adakaona kakumenya Madagascar, kakulowa m'Mozambique, kakubwerera kunyanja, n'kudzalowanso chakufupi ndi Quelimane pa 11 Malichi. Namondweyu adakhala masiku 36, ndipo bungwe loona za nyengo pa dziko lonse lidatsimikiza mu 2024 kuti pa anamondwe onse olembedwa m'mabuku palibe adakhalitsa chotere. Zimene adachita ku Chilobwe, ku Chiradzulu, ku Phalombe ndi ku Mulanje sindichita kukuuzani. Mapiri adatsika ndi matope usiku, anthu mazanamazana adafa, ena mpaka lero sadapezeke.

Nyumba ija ya agogo, ya kalendala pakhoma, idapita ndi madzi amenewo. Mwamwayi mudalibe munthu. Patapita masabata angapo ndidakhala pa kompyuta n'kuyang'ana zithunzi za Freddy zochokera kumwamba, tsiku lililonse chithunzi chake. Kunena zoona n'zokongola, chimtambo choyera chopotana bwinobwino, diso lake lili pakati. Ndidachita nazo mantha kukongolako. Chithunzi chidalipo, chenjezo lidaperekedwa, koma pakati pa chithunzi ndi mayi wogona m'tsinde mwa phiri pali mtunda wina umene roketi siyenda. Pamafunika munthu wodziwa kuwerenga chithunzicho, wina wochimasulira m'chilankhulo cha mayiyo, njira yoti uthenga ufike, ndi malo oti iye athawireko. Mtunda umenewo ndi wathu, palibe adzatiyendere.

Ndiye kwa mnzanga wa ku Ndirande ndikuti: nyenyezi sitidya, koma mwana amene lero wadabwa ndi chithunzi cha Saturn ndi yemweyo mawa adzawerenge chithunzi cha namondwe. Zithunzi za setilaiti za Landsat, zimene zakhala zikujambula nthaka kuyambira 1972, zidatsegulidwa kwaulere kwa aliyense mu 2008. M'menemo muli mbiri ya nkhalango zathu momwe zatheramo, ndi ya nyanja ya Chilwa momwe imaphwera ndi kudzaza. Anzathu a ku South Africa adatsegula mu 2018 telesikopu ya MeerKAT, ya mbale 64, m'chipululu cha Karoo, ndipo idajambula pakati pa mlalang'amba wathu momveka kuposa kale lonse. Pa maiko asanu ndi atatu a mu Africa amene adatchulidwa kuti agwirizane ndi South Africa pa ntchito yaikulu yotsatira, ya SKA, pali Zambia ndi Mozambique, anansi athu a mbali zonse ziwiri. Dzina lathu palibepo. Pomwe thambo la kumidzi kwathu, lopanda magetsi olitchinga, ndi lija anthu a ku Ulaya amalipira ndege kuti akalione.

Agogo ankati mwezi uli ndi akazi awiri, wina wa kum'mawa amene amaumana chakudya mpaka uwonde, wina wa kumadzulo amene amaudyetsa mpaka unenepe. Kusukulu ndidaphunzira kuti akazi awiriwo ndi mmodzi, pulaneti ya Venus, imene nthawi zina imaoneka m'bandakucha ndipo nthawi zina madzulo. Kale ndinkaiseka nthano imeneyi. Lero ndimaona kuti amene adaipeka adakhala panja usiku wambiri, akuyang'ana, akusunga m'mutu, akufunsa chifukwa. Gill ndi Leavitt ankachita zomwezo. Chimene iwo adali nacho choposa ndi galasi losunga kuwala, ndi anthu owalipira kuti adekhe.

Tsono agogo, yankho lanu ndi ili. Wojambulayo adali pa windo la chombo, makilomita 29,000 kuchokera pakhomo panu, Lachinayi pa 7 Disembala 1972, ali pa ulendo wa ku mwezi. Sadaime paliponse, poti kumeneko kulibe poponda, ankangoyandama kamera ili m'manja. Inuyo mudali m'chithunzimo, pansi pa mitambo ija, mwina muli kumunda mukupalira poti idali nyengo yake. Ndipo mudalondola kufunsa: pa anthu onse amene adali ndi moyo tsiku limenelo, atatu okha ndiwo sadalowe m'chithunzicho.

Kalendala ina ndagula, ya chithunzi chomwecho, ndipo ndakaipereka ku sukulu ya pulaimale ya kwathu. Ndawapempha aphunzitsi kuti aikhome mozondotsa, ndipo mwana akafunsa chifukwa chake asamukalipire.